Kope Long'ambika la Adokotala

Anthu a mumsewu mwawo amangowatchula kuti Adokotala, ngakhale kuti mayiwa sanabayepo munthu jakisoni. Ntchito yawo ndi kutenthetsa maselo a khansa m'timbale tagalasi, n'kumafufuza mapuloteni amene amateteza maselowo kuti asafe. "Khansa ndi yamakani," amatero akuseka, "koma makani inenso ndili nawo."

Mwezi uno akupuma pantchito. Bambo wodzalowa m'malo mwawo atapempha malipoti amene anawatchukitsa, iwo anam'patsa kope long'ambika.

"Amayi, umu si mmene munkalemba zokanika zija?"

"Eya, achimwene. Zotheka zija aliyense angaziwerenge. Umu muli zaka khumi zimene ndinataya ine. Odwala akudikira, inu musakazitayenso."

Atatero, anakoleka gauni lawo loyera pamsomali, n'kutuluka akumwetulira.