Loko pa Chitsime cha Don Temístocles

Don Temístocles Zambrano anayamba kumwetsa magalimoto petulo ali ndi tsitsi lodzaza mutu, anasiya dazi litafika m'khosi. Malo omwetsera mafutawo anali pamphambano ya tauni yathu kuno ku Manabí, nyumba yawo ili kuseri kwake. Mkuluyu ankanunkha petulo moti wansembe ankawakhazika benchi yakumbuyo, kutali ndi makandulo.

Kampani itatseka malowo, anthu ofukula mathanki anapeza kuti imodzi inakhala ikudontha zaka ndi zaka. Petulo anali atalowerera m'madzi apansi. Boma linalamula kampaniyo kuti iyeretse madziwo, ndipo linatuma mayi Yadira Cedeño a ku ofesi yoona zachilengedwe kuti aziyang'anira ntchitoyo. Anthu a kampaniyo anakhazika pampu yokoka madzi oipa, anazika mapaipi pabwalo ponse otungira madzi okayeza, kenaka mayi Cedeño anakhoma loko pachitsime cha Don Temístocles.

Chitsimecho Don Temístocles anachikumba okha ali mnyamata. Amati n'chakuya moti ukaponyamo mwala m'mawa, umamva chubwi utadya kale chamasana.

"Mwana wanga, madzi awa ndamwa moyo wanga wonse. Ndafa ine?" anafunsa mkuluyo.

"Simunafe, bambo, koma mukamageya musayandikire moto," anatero mayi Cedeño. "Madzi a m'mapaipi aja akakhala oyera chaka chathunthu, ndibwera ndekha ndi kiyi."

Kuyambira pamenepo mkuluyo ankamwa madzi obwera pa lole, amene iwo ankati amakoma ngati sokosi ya msilikali. Chimene ankafuna n'chimodzi basi, kumwanso madzi a m'chitsime chawo asanawanyamule kupita kumanda. Mayi Cedeño akabwera ndi timabotolo tawo, mkuluyo ankawalondola paipi ndi paipi, kusuzumira, kununkhiza, kupereka malangizo amene palibe anawapempha. Madzi anayamba kuyera. Chaka chija chinatsala pang'ono kukwana.

Ndiye chinafika chikondwerero cha San Roque, woyera mtima wa mpingo wathu. Ntchito ya Don Temístocles chaka chilichonse inali yoimika nsungwi yoterera, ija amamangirira nkhuku, nsapato ndi botolo la kachasu kunsonga kuti amuna azilimbirana kukwera. Chaka chimenecho gule anali pabwalo la malo omwetsera mafuta aja, pomwe ndi simenti yokhayokha. Pokumba panalibe. Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku, maso anagwera pa paipi ina ya mayi Cedeño.

"Abambo, bowo limenelo ndi la boma," anachenjeza akazi awo, Doña Clemencia.

"Boma likuphikiramo nyemba? Chitsime changa chili uko, bowo lili kuno. Zimenezi zikudziwana bwanji?"

"Ine ndanena. Makutu anuwo ndi opachikapo chipewa."

Anagumula chivundikiro ndi hamala, n'kulowetsamo nsungwi. Inakwana ngati anachita kuyeza. Anaipaka oilo wakuda wochokera kugalaja, wochuluka moti ntchentche inatera pamenepo inakathyokera mwendo pansi. Dzuwa linaswa mtengo tsiku limenelo. Amuna anakwera, anaterereka, anatukwana, ndipo oilo uja anayenderera masana onse kutsika ndi nsungwi kulowa m'paipi.

Sabata yotsatira mayi Cedeño anatunga madzi m'paipimo, anakweza botolo kudzuwa. Pamwamba pamayandama zakuda.

"Bambo, anatsegula apa ndani?"

"San Roque."

"San Roque wayamba liti kugwiritsa oilo wa lole?"

Don Temístocles anakanda dazi. "Koma chitsime changa sindinachikhudze, mwana wanga."

"Pansi apa palibe mpanda, bambo. Madzi a m'paipi muno ndi omwewo a m'chitsime mwanu. Paipi iyi akampani aitsuke, ndipo chaka chija tiyambiranso."

Mayi Cedeño sanakalipe. Anadya nthochi zokazinga zimene Doña Clemencia anawapatsa, anathokoza, anakwera galimoto n'kumapita, kiyi ali m'thumba.

Lero loko akadali pachitsime, ndipo Don Temístocles mawondo ayamba kukana. Amakhala pampando pakati pa bwalo lija, chibonga chili pamiyendo, kulondera mapaipi a boma. Palibe anawalemba ntchitoyo. Dzana galu wa wansembe anangokweza mwendo pafupi ndi paipi ina, ndipo akuti mpaka pano akuthamangabe cha kumalire a Peru.