Amene Anakoka Ababa Pamoto ku Mbulumbuzi

Tinanyamuka ku Bangwe Loweruka, sikisi koloko isanakwane, ine ndi Ababa. Ndinavindikira makina anga osokera n'kuuza mayi wina amene ankadikira diresi lake kuti apirire mpaka Lolemba. Ulendowu Ababa anali atautchula kwa miyezi itatu ine ndikungozengereza, kufikira tsiku limene adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti fumbi la malasha limene lili m'mapapo mwawo silidzachokanso.

Ababa anagwira ntchito mumgodi wa malasha ku Rumphi zaka zambiri. Koma asanapite kumpotoko, akadali mnyamata, ankaotcha njerwa pa kampani ina kuseri kwa Mbulumbuzi. Tsiku lina khoma la uvuni linawagwera moto ukuyaka, ndipo anakatsitsimukira kuchipatala cha mishoni, mnzawo Che Amini ali pambali pa bedi. Atachira anapeza pamalo pawo alembapo wina. Chifukwa cha mkwiyo anakwera basi ya kumpoto osatsanzika aliyense.

"Munthu anandikoka pamoto, ine osamuuza ngakhale zikomo," ankatero Ababa. "Ndisafe mawu amenewa ali kukhosi."

Minibasi ya ku Limbe inatidya wanu sauzande aliyense. Titafika, oitanira atatu anatilimbirana, wina chikwama, wina mkono wa Ababa. Tinakwera imene inkaoneka yodzaza, koma titangokhazikika anthu anayi anatsika m'modzim'modzi kupita kukadzaza ina. Tinadikira mphindi makumi anayi. Kondakitala atati ku Mbulumbuzi ndi firii sauzande faifi handiredi, Ababa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga, nthawi yathu ndalama imeneyo ukanandipatsa minibasiyi pamodzi ndi dalaivala."

"Madala, nthawi yanuyo mafuta ankapezeka," anayankha akupinda ndalama pakati pa zala.

Tinadutsa Kachere ndi Mapanga dzuwa litayamba kale kuluma, pakuti unali Okutobala. Mayi amene anakhala pafupi nafe, beseni la usipa lili pamiyendo, anaona suti ndi tayi ya Ababa n'kufunsa mwaulemu ngati tikupita kumaliro.

"Ayi mayi," anatero Ababa. "Malirowo akadali m'njira. Ine ndangotsogola kukakonza zina."

Mayiyo anaseka, kenako atamva mmene Ababa ankatsokomolera, anasiya. Anatsegula zenera la mbali yake kuti mphepo iwapeze.

Pa Njuli tinaima kutsitsa anthu. Phiri la pamenepo linadyedwa mbali imodzi, ndipo m'mphepete mwa msewu amayi ndi abambo anali atakhala pansi akuswa miyala ndi nyundo, aliyense ndi kamulu kake. Fumbi loyera linali litawakuta nsidze. Ababa anatseka mphuno ndi kampango, koma maso sanawachotse pa anthuwo mpaka tinakhota.

Hafu pasiti eyiti tinatsika pa Mbulumbuzi. Tinalowa m'tiyirumu kumwa tiyi wamkaka ndi chigumu, n'kuyamba kufunsa za kampani ya njerwa. Bambo wina anatilozera kumene akuumba mabuloko a simenti. Wina anati kampani yotero kulibe ndipo sikunakhaleko. Ababa anayamba kukwiya, ngati akuwauza kuti iwo sanakhalepo mnyamata. Mwini tiyirumu, mayi wachikulire, ndi amene anatipulumutsa.

"Kodi simukunena pa Chumuni? Dzina la kampaniyo ndani angalikumbuke. Ingonenani kuti pa Chumuni, akufikitsani."

Panja a kabaza a njinga zamoto anatizungulira, koma Ababa anakana.

"Yamoto ayi. Moto ndinaulawa kale."

Tinatenga njinga zakapalasa ziwiri, wanu sauzande faifi handiredi iliyonse. Msewu wake ndi wafumbi lofiira, wodutsa m'minda ya nandolo wouma, phiri la Chiradzulu likuoneka kutsogolo chakumanja. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi uvuni wake wa njerwa, wina ukufuka, wina womata kale matope kudikira nkhuni. Ndinaona zitsa za mango zikuluzikulu, zodulidwa kumene. Amene ankandipalasa, bambo wa imvi zapatalipatali, anaona kumene ndikuyang'ana.

"Boma likuti njerwa zootcha zatha mitengo, ndipo silinama," anatero akupuma mwawefuwefu pachitunda. "Koma simenti mukuidziwa mtengo wake. Mango anga awiri ndinamangira nyumba. Panopa ana akagula mango kumsika ndimangoyang'ana kumbali."

Chumuni tinayamba kuchiona tili patali, chofiira, chitatalika kuposa bulugamu aliyense wa m'deralo. Tinafika cha m'ma teni koloko. Chili ndi mng'alu kuyambira pakati kukwera m'mwamba, ndipo kamtengo ka kachere kamera mumng'alumo. Pansi pake pali makomo atatu a uvuni, awiri ogumuka, limodzi mbuzi zinalisandutsa pobisalira dzuwa. Denga la shedi linapita kalekale, kwangotsala mizati. Makoma ena anthu anagumula, ndipo ukayang'ana nyumba zozungulira umaona njerwa zazikulu, zosalala, zosiyana ndi zinzake, apa pakhitchini, apo pakhola.

Ababa anasintha mayendedwe. Ndodo anandipatsa ine.

"Apa tinkaponda dothi, anthu khumi ndi awiri, tikuimba. Apo panali tinjanji ta ngolo zokankhira dothilo. Uko n'kumene ankatsitsa malasha, lole inkawabweretsa kuchokera kusiteshoni ku Limbe." Anawerama n'kufukula pansi ndi chala. Pansi pa dothi lofiira panatuluka timiyala takuda tonyezimira. "Waona? Ine ndi malasha tinadziwanirana pano. Kumpoto ndinangowatsatira kwawo."

Pakhomo lachitatu anaima nthawi yaitali. Ine nkhani ya khomalo ndinakula ndikuimva, mpaka inasanduka ngati nyimbo ya pawailesi imene umaidziwa koma suimvetsera. Tsopano ndinadzionera ndekha kuchepa kwa khomolo, ndi njerwa zakuda zimene zinasungunuka n'kugwirana ngati phula.

Che Amini sanavute kuwapeza. Mayi wina wotola nkhuni anatilozera nyumba ya kuseri kwa mzikiti. Tinawapeza pakhonde akukhoma chikombole cha njerwa, zina zisanu atazisanja pambali zogulitsa. Anali nkhalamba yowonda, ya kofiya woyera, misomali itatu ili kukamwa. Anatiyang'ana, n'kulavulira misomaliyo m'dzanja.

"A Mapira? Ndinu a Mapira inu? Ife tinkati munafera kumpoto!"

Anagwirana manja osasiyana, akuseka, akuwerengerana mano otsala. Akazi awo a Che Amini anatiyalira mkeka n'kubweretsa chinangwa chophika ndi nandolo. Titadya, Ababa anatsegula chikwama n'kutulutsa jekete lakuda limene anakasankha okha pa kaunjika. Analankhula mawu amene ndikudziwa kuti anawakonzekera zaka zambiri.

"Achimwene, ine ndili ndi ana asanu ndi adzukulu khumi ndi mmodzi. Onsewa akanathera pakhomo la uvuni lija mukanapanda inu. Ndinachoka ngati galu. Ndabwera kudzati zikomo."

Che Amini analandira jeketelo, kulisisita, kenako kuliika pamkeka pakati pawo.

"Jeketeli ndi labwino, achimwene, koma lasochera. Ine ndinangokunyamulani panjinga kupita kuchipatala. Pamoto paja sindinalowepo."

"Nanga analowa ndani?"

"Abiti Jana. Aja ankatitungira madzi opondera dothi." Anayang'ana pansi. "Amuna tonse tinangoima n'kumakuwa. Inenso ndinali pomwepo, ndikukuwa. Iwo anafika ndi ndowa pamutu, anadzikhuthulira madziwo, n'kulowa mu utsi. Anatuluka akukukokani mwendo."

"Bwanji simunandiuze kuchipatala kuja?"

"Munandifunsa? Ndinkati ndidzakuuzani mukachira. Mutachira munachoka ngati mwaba mbuzi." Anapukusa mutu. "Komanso ndisaname, mmene munkandiyang'anira pabedi paja zinkandikomera."

Ababa anafunsa ngati mayiwo ali moyo. Che Amini anati ali moyo, koma dzanja lawo lamanzere linapsa tsiku lomwelo, zala zinapinana, ndipo poti sakanathanso kutukula ndowa tsiku lonse, kapitawo anawachotsa ntchito. Ababa anapuma mokoka. Kenako anakankhira jeketelo kwa mnzawo.

"Tengani. Kuchoka pano kukafika kumishoni panjinga, munthu wokomoka ali kumbuyo, nayonso inali ntchito."

Cha m'ma wanu koloko Che Amini anatiperekeza kunkhuti, dzenje lalikulu limene kampani inkakumbamo dothi. Ndinkayembekeza malo ouma, koma titafika m'mphepete ndinaona zobiriwira zokhazokha. Pansi pa dzenjelo madzi saphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo anthu analigawana timadimba: mpiru, tomato, nzimbe, nthochi m'mbali. Tinatsika pang'onopang'ono, Ababa akupumira pamapazi khumi aliwonse.

Abiti Jana anali kamayi kakafupi, kosandifika paphewa. Anali akuthirira mpiru, keni ili kudzanja lamanja, lamanzere lopinanalo likuthandizira kunsi. Che Amini atawauza kuti mlendoyu ndi ndani, anaika keni pansi n'kuyang'anitsitsa. Ababa, ndi suti yawo yonse, anagwada m'matope.

"Dzukani, bambo, mundithyolera mbande," anatero mayiwo. "Ndinu aja munkanditukwana kuti ndimachedwa ndi madzi?"

"Ndine ndemwe, mayi."

"Munali olemera. Ndinkati ndikukoka ng'ombe."

Ababa sanadzuke. Anafotokoza zonse, kuti sankadziwa, kuti zaka zonsezi ankapempherera munthu wina, kuti amva lero za dzanja ndi za ntchito.

"Ntchitoyo inatha kwa tonse pasanapite nthawi," anayankha Abiti Jana. "Kapitawo, mwini kampani, onse anapita. Dzenje anatisiyirali ndi limene laphunzitsa adzukulu anga." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Koma musaganize kuti sindinakwiye. Ndinakwiya chaka chathunthu. Ndinkati munthu uja, ngakhale kakalata? Mwamuna amene ankafuna kundikwatira ataona dzanjali anabwerera. Zinandiwawa, bambo. Kenako ndinatopa nako kukwiyako."

Kutsidya kwa dzenje wina ankapopa madzi ndi mpope wopondaponda, ukulira kwiii, kwiii.

"Ndabwera chimanjamanja, mayi," anatero Ababa. "Mphatso ndinagula yachimuna. Ndiuzeni chimene ndingachite."

Mayiwo anayang'ana Ababa, anayang'ana dimba, n'kutola keni ija.

"Ine ndinakutungirani madzi zaka zitatu. Bedi ilo latsala. Thirirani."

Ndinafuna kulandira keniyo ine, ndikunena za chifuwa, koma Abiti Jana ananditchinga ndi dzanja lopsa lija.

"Asiyeni, mwanangu. Abwera kutali."

Ababa anavula jekete, tayi ndi nsapato, n'kupinda buluku. Ankatunga theka lokha. Kuchokera pamadzi kufika pabedi ndi mapazi osakwana makumi awiri, koma ankaima kawiri kutsokomola. Mayiwo ankawalondola kumbuyo: "Musathire pamwamba, mupsereza masamba. M'tsinde, bambo, m'tsinde. Kodi kumpotoko munkangodya?" Che Amini anakhala pamuzere akuseka mpaka misozi. Ulendo wachisanu bedi linatha. Ababa anakhala pansi, malaya atanyowa, chifuwa chikukwera n'kutsika, nkhope ikuwala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

Abiti Jana anagwira dothi la pabedilo kuona ngati lalowa madzi.

"Basi. Zikomo wanu ndamulandira."

Anatithyolera mpiru ndi tomato wodzaza jumbo, n'kukana ndalama mwaukali. A kabaza athu anatipeza pa Chumuni firii koloko monga tinapanganirana. Pa Mbulumbuzi tinagula chimanga chootcha, ndipo minibasi yobwerera, yochokera ku Zomba, inatipanikiza anthu anayi pampando wa atatu. Tisanafike pa Njuli Ababa anali atagona, mutu uli paphewa panga, matope atauma m'mawondo a suti. Ndinkamvetsera mpweya wawo. Unali wovuta monga kale. Ulendowu sunachiritse kanthu m'mapapo.

Tinafika ku Bangwe dzuwa lisanalowe. Ana anga anathamangira agogo awo kufunsa ngati amupeza munthu uja, ndipo Ababa anawakhazika pakhonde n'kuyamba nkhani ya uvuni kuyambira pachiyambi. Sanadumphe pamene amuna anangoima n'kumakuwa, ngakhale pamene iwo ankatukwana wotunga madzi. Ine ndinaima pakhomo mpiru uli m'manja, ndikumvetsera ngati ndikuimva koyamba.

Ndinaphunzira kuti munthu akhoza kukamba nkhani ya moyo wake zaka makumi anayi, osanama ngakhale pamodzi, koma ikusowa dzina limodzi. Dzina loterolo silikupeza uli pakhomo. Umachita kulikwerera minibasi.