Masamba pa Msewu wa Kwathu

Ndinanyamuka pa Chezi Lachitatu cha m'ma sikisi koloko m'mawa, mvula ikuwaza, nditavala jekete langa la kutchalitchi ndi nsapato zija zimalowa madzi chakumanzere kokha. Ulendo unali wa ku Ntchisi, kukatenga alamu anga a Damiyano, amene ankagwira utenanti pamunda wa fodya kuseri kwa Boma. Mkazi wawo, mlongo wanga Velonika, anali atamwalira dzulo lake madzulo kuchipatala, atangobereka mwana wamkazi. Anataya magazi ambiri. Mwanayo anali moyo. Bambo wake sankadziwa chilichonse.

Foni ya alamu inali itatha miyezi iwiri isakugwira. Ngakhale ikanagwira, atsibweni athu anali atagamula kale kuti uthenga wotere suyenda pafoni.

"Upite iweyo," anandiuza. "Ukangoti mkazi wanu wadwala kwambiri, akukufunani. Usakawonjezerepo kanthu. Munthu uja akamvera kutali angadzigwetse m'galimoto. Adzamvere pano, pamene pali anthu omugwira."

"Bwanji osatuma wina, atsibweni? Inetu ndine mlongo wake."

"Wodziwa njira ndiwe. Ndiponso si iwe umawerenga mabuku? Mawu uli nawo ambiri."

N'zoona, ndimawerenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma chilichonse cholembedwa ndimatola: mabuku akale a kuparishi, nyuzi zokulungira usipa, ngakhale kapepala ka m'botolo la mankhwala a ng'ombe, chikhalirecho ng'ombe ndilibe. M'mudzi amanditchula kuti a Pulofesa, ndipo ndimavomera. Koma m'zonse ndawerengazo sindinapezemo pophunzitsa munthu kunamiza mlamu wake tsiku lathunthu.

Potuluka m'mudzi ndinapeza adzukulu, anthu okumba manda aja, akuyala nthambi zaziwisi mopingasa msewu. Umu ndi mmene timalengezera maliro: wapanjinga atsike, wachipewa avule, wagalimoto achepetse liwiro. Ndinalumpha masambawo osayang'ana pansi.

Minibasi ya ku Dowa inali K3,000, pampando anthu anayi, ndipo pamaondo anga anandisenzetsapo thumba la feteleza la mwini wake amene sindinamuone n'komwe. Kondakitala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Madala, jekete limeneli ndi la ukwati kapena la kukhoti?"

"La kutchalitchi."

"Lachitatu?"

"Kodi Mulungu amatseka ofesi Lachitatu?"

Anthu anaseka. Nanenso ndinaonetsa mano, koma mumtima ndinkafunsa funso lomwelo, ndipo sindinkachita nthabwala. Velonika ndi a Damiyano anakhala m'banja zaka khumi ndi zinayi opanda mwana. Abale awo a mwamuna ankati asiye mkazi, abale athu ankanong'ona za asing'anga. A Damiyano ankangoti, "Ife tapempha kwa Mwini, tikudikira." Misa sankajomba. Kolona wawo anatha mikanda itatu, iwo n'kulowetsapo njere za chimanga zoboola. Mimba itaoneka, ndi pamene anapita kukagwira utenanti, akuti mwana adzapeze denga la malata. Tsono ofesi ija inatsegula tsiku limodzi, n'kupereka ndi dzanja ili, n'kulanda ndi dzanja linalo. Msewu unkakhotakhota m'mapiri, chimanga chili biriwiri mbali zonse, ine ndikungoona feteleza wa mwini.

Pa Dowa Boma tinafika cha m'ma hafu seveni. Galimoto ya matola yopita ku Ntchisi, kapikapu kotha utoto, inali italiza kale injini, dalaivala akukuwa kuti watsala munthu mmodzi. Munthu mmodziyo tinamudikira maola awiri. Ndinagula tiyi ndi chigumu pa kalesitilanti ka pafupi. Tiyi ndinamwa, chigumu ndinachiika m'thumba la jekete. Tinalipira K6,000 aliyense, n'kukhala pamatumba a mchere, miyendo ili lendelende kunja. Msewu wa dothi lofiira unali utafewa ngati phala. Pena galimoto inkayenda chammbali, amayi n'kumaitana Yesu ndi Mariya, dalaivala n'kumati, "Musawavutitse amenewo, ine ndilipo."

Tinalowa mu Ntchisi dzuwa lili paliwombo, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Wakabaza wa njinga yamoto ananditenga pa K4,000 mpaka kumunda. Ndili kumbuyo kwake ndinkayeseza mawu anga ngati mwana wa katekisimu: mkazi wanu wadwala kwambiri, akukufunani. Mawu asanu okha. Ndinkati amenewa ngakhale munthu wa Sitandade 7 angawasunge.

A Damiyano ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Anali ataonda. Atandiona anataya singano.

"A Pulofesa! Mabuku atha kodi kwanuko, kuti mubwere kudzawerenga fodya wa eni?"

Masiku onse ndikanawabwezera, chifukwa ine ndi iwo timanyozana ngati alamu enieni. Ndikanati ndabwera kudzaona ngati mkamwini waulesi uja waphunzira kugwira khasu. Tsiku limenelo ndinangoima, madzi akuchucha m'jekete.

"Alamu, mkazi wanu wadwala kwambiri. Akukufunani."

Nkhope yawo inagwa. Anandigwira pamkono mpaka kundipaka utomoni.

"Nanga mwana?"

Apa ndi pamene ndinalakwa. Atsibweni anati ndisawonjezere kanthu. Koma ine ndinali ndi uthenga umodzi wokha wabwino padziko lonse lapansi.

"Wabadwa. Wamkazi. Ali bwinobwino."

Anakuwa mpaka atenanti anzawo anatuluka m'zigafa zina. Anagwada pafumbi la fodya, manja m'mwamba, kenaka anadzuka n'kundinyamula ngati thumba, munthu wamkulu ngati ine.

"Komatu alamu, ndati wadwala kwambiri," ndinatero nditatsika.

"Aaa, nanga munthu atabereka angamathamange? Mwawerenga mabuku onsewa osadziwa zimenezo? Achira Nabanda wanga. Amene watipatsa mwana sangatisiye panjira."

Uthenga wabwino uja unameza woipa, ndipo ndinalibenso njira yowulavulitsira.

Mwini munda anawapatsa masiku atatu. Tinakwerana atatu panjinga yamoto ija kubwerera pa Boma, ndipo a Damiyano anakana kukwera galimoto tisanalowe mumsika. Anagula sopo, shuga, ndi kachipewa ka mwana koluka, kachikasu. Kenaka anaima pa mayi wogulitsa zitenje.

"Sankhani ndinu, a Pulofesa. Mlongo wanu mumam'dziwa. Ine ndikasankha amati ndagula nsalu yotchingira pawindo."

"Tiyeni tizipita, alamu, mvula ikubwera."

"Sankhani kaye!"

Ndinaloza chobiriwira cha maluwa oyera. Velonika ankakonda zobiriwira kuyambira ali mtsikana. Mayi uja akupinda chitenjecho anati, "Ali ndi mwayi mayi ameneyo." A Damiyano anaguliranso tchipisi cha awirife. Iwo anadya chawo ndi theka la changa, uku akundinena kuti anthu ophunzira amadya ngati mbalame.

Pobwerera tinakwera pikapu ina, cha m'ma thu koloko. Tisanatuluke n'komwe m'tauni, anthu onse m'galimotomo anali atadziwa kuti bamboyu wadikira zaka khumi ndi zinayi ndipo lero akukaona mwana wake. Amuna ankawagwira chanza, amayi ankalulutira. Titatitimira m'matope pachigwa china, amuna tonse tinatsika kukakankha, ndipo a Damiyano ndi amene anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, matope akuwathovukira kumaso. Ine ndinakankha ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo. Kukankha galimoto n'kosavuta: mutu umaloza pansi, palibe amene amakuona nkhope.

Titayenda pang'ono, dalaivala anachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Pamsewu panali masamba. Unali mudzi wa eni, sindiudziwa dzina. Amuna tinavula zipewa. A Damiyano anachita chizindikiro cha mtanda, nati chapansipansi, "Ambuye awatonthoze." Titadutsa masamba achiwiri anandigunda paphewa.

"Mwaona, alamu? Ena akulira, ife tikuseka. Si kuti ndife abwino kuposa iwowa ayi. Koma ndikuuzeni, Mulungu amayankha. Inu munkati tingovomereza, mwina sizinalembedwe. Mukukumbukira?"

"Ndikukumbukira."

"Lero mukakafika mukalembe m'buku lanu kuti Damiyano wosaphunzira uja ananena zoona."

Pafupi nane panakhala mayi wina wachikulire, atafukata dengu la tomato. Anali atandiyang'ana nthawi yaitali, ine, jekete langa, ndi maso anga. Anasendera n'kundinong'oneza.

"Achimwene, mwawauza zonse bambowa?"

Ndinapukusa mutu pang'ono. Sanafunsenso. Anatulutsa kolona m'chilundu n'kuyamba kupemphera milomo yokha ikugwedera, ndipo mpaka pamene anatsikira sanasekenso nthabwala za a Damiyano. Potsika anandigwira dzanja. Dzina lake sindinafunse.

Pa Dowa tinapeza minibasi itatsala pang'ono kudzaza, ndipo pa Chezi tinatsika dzuwa litapendeka kwambiri, mvula itakata. A Damiyano anafuna kulunjika kuchipatala.

"Tiyambe tafika kunyumba," ndinatero. "Tikasiye katundu, atsibweni akuoneni."

"Atsibweni ndiwaona mawa. Kodi abereka ndi iwo?"

"Alamu, chonde. Tidzere kunyumba."

Anandiyang'ana, koma anatsatira. Kuchokera pamsewu wa tala kukafika kwathu ndi mtunda wa theka la ola. Katatu konse ndinatsegula pakamwa. Ndinkadziwa zimene zili kutsogolo, ndipo ndinkaona kuti n'kulakwa kusiyira masamba ntchito ya munthu. Koyamba iwo anandidula ndi funso la dzina la ubatizo. Kachiwiri tinapatukira ngolo. Kachitatu panalibe chondiletsa chilichonse. Ndinangolephera.

Masamba aja anali atafota, ena atapondedwa m'matope. A Damiyano anavula chipewa mwachizolowezi.

"Iii, kwathu komwe? Watisiya ndani? Kapena agogo aja ankadwala chifuwa?"

Mphepo inabweretsa nyimbo ya amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi. Inkachokera kumtunda, kumene kuli nyumba imodzi yokha, yofolera udzu, yoyembekeza malata. Pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo panali amuna atakhala chete.

Anatembenuka pang'onopang'ono. Sananditchule Pulofesa.

"Alamu. Mumadziwa kuyambira m'mawa?"

"Kuyambira dzulo."

"Ndiye munandisankhira chitenje."

Jumbo ya zogula zija inagwa, shuga n'kutayikira m'matope. Anakhala pansi pakati pa msewu, miyendo atatambasula ngati mwana. Sanalire msanga. Ankayang'ana kumwamba, kumene kunali mitambo yokhayokha.

"Ine ndinapempha mwana," anatero. "Sindinanene kuti tisinthane. Zaka zonsezi, ndi liti ndinanena kuti tisinthane?"

Mabuku onse aja sanandipatse liwu ngakhale limodzi. Ndinakhala pansi pambali pawo, jekete la kutchalitchi m'matope. Amuna a pansi pa mango anali atationa, ndipo atsibweni ndi ena awiri anayamba kutsetsereka.

Asanafike, a Damiyano anadzikoka n'kugwada. Ndinkaganiza kuti atukwana, ndipo sindikanawaletsa. Koma anayamba pemphero lija Ambuye anatisiyira, limene tonse tinaphunzira tili ana. Mawu ankatuluka okhadzula. Atafika pamene timavomereza kuti zofuna za Mulungu ndizo zichitike, anaima. Anayesanso, anaima pomwepo.

"Nenani ndinu," anatero osandiyang'ana. "Ine pakamwa pakana. Koma pasadumphidwe."

Ine amene tsiku lonse ndinkakangana ndi Mulungu mumtima, ine ndi amene ndinanena mawuwo, pamsewu, pambali pa masamba a mlongo wanga. Sindinawanene ndi mtima wonse. Ndinawanena chifukwa munthu anandipempha. Iwo anapitiriza kuchokera pamenepo mpaka kumapeto, kenaka analira kulira kumene sindifuna kudzakumvanso, ndipo amuna aja anawagwira.

Velonika tinamuika mawa lake. Mwana anatuluka kuchipatala patatha sabata, ndipo akuleredwa ndi mkazi wanga. Chitenje chobiriwira chija ndi chimene amam'berekera. Malata sanagulidwe. A Damiyano sanabwererenso kufodya, amalima kamunda ka mkazi wawo, ndipo kuseka kwawo kuja sindinakumvenso.

Anthu amandifunsa chimene ndinaphunzira paulendowu, poti a Pulofesa salephera kuphunzirapo kanthu. Ndilibe zambiri. Sindikudziwa chifukwa chake Mulungu anachita zimene anachita, ndipo ndasiya kufufuza m'mabuku. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lamulungu lililonse a Damiyano amabwera ku Misa, amagwada pafupi ndi ine, kolona wa njere za chimanga ali m'manja. Tikafika pa mawu aja, mpaka lero amakhala chete. Amangondigunda ndi chigongono, ndipo ine ndimakweza mawu kuti akwanire anthu awiri.