Ziweto za Che Jaffalie

Che Jaffalie anabadwa ndi manja awiri ngati wina aliyense, koma palibe amene anawaonapo atagwira khasu kapena nkhafi. Kusukulu, kwawo ku Katuli, masamu ankawalembera mnzawo, iwo n'kumamunyengerera ndi chinangwa chozula m'munda mwa eni. Atakula anakwatira Mwanamvua wa ku Lungwena, ku Mangochi komweko, n'kukakhala chikamwini. Amuna anzawo akamapita kunyanja, iwo ankakoleka cholembera pathumba la malaya n'kukwera kabaza wopita ku boma, ati kukaona za mabungwe. Pobwerako ankabweretsa njala yokhayokha.

Amalume ake a Mwanamvua, Che Wadi, anapirira zaka zambiri mpaka zinawakwana. Tsiku lina anawaitana pakhonde n'kuwauza mosapita m'mbali.

"Akamwini, pano sitiweta munthu. Chaka chino tione chanu chogwirika. Apo ayi, njira ya ku Katuli mukuidziwa."

Mawuwa anawalasa mtima. Mkazi wawoyo iwo ankamukonda ndithu, mwaulesi mwawo momwemo, ndipo ku Katuli analibe ngakhale mzere umodzi woti n'kudzalapo chimanga.

Mwayi unabwera pa foni. Bungwe lina la ku Lilongwe linalengeza kuti lithandiza timagulu ta kumudzi tofuna kuchita kafukufuku wa ziweto ndi thanzi la ana. Pankafunika pulopozo ya masamba ambiri, ya m'Chingerezi. Akanakhala kale, nkhani ikanathera pomwepo. Koma masiku ano kuli makina a pa foni aja amati AI, oti umangowauza chimene ukufuna iwo n'kukulembera. Munthu waulesi anapeza wantchito wosatopa.

Analamula makinawo kuti alembe kafukufuku wa chiweto choswana msanga, chothandiza mabanja osauka m'Malawi. Zoti mabanjawo ndi Asilamu sanatchule. Makinawo, poti sanapondepo ku Lungwena, anasankha nkhumba n'kuzitamanda kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Che Jaffalie anaona Chingerezi chikutsika ngati mvula, mtima n'kukhala pansi. Anawerenga mutu wokha, womwe unkangoti ziweto zazing'ono. Anaikapo dzina la mudzi ndi la gulu lawo, gulu lomwe mamembala ake anali iwo ndi foniyo, n'kutumiza.

Musaganize kuti ulesi umathera ku Mangochi. Ku Lilongweko kunali ofisala wina dzina lake Jeffrey, amene ntchito yake inali kuwerenga mapulopozo ndi kusankha oyenera. Ataona kuchuluka kwake, nayenso anawakankhira kwa makina. Makina anawerenga zolemba makina anzawo, ndipo zinawakomera kwabasi. Nanga nyani angaseke bwanji zikundu za mbale wake? Mabwana ovala mataye anasaina osatsegula tsamba lachiwiri.

Uthenga woti apambana utafika, Che Jaffalie anasintha ndi kayendedwe komwe. Analengeza kuti kukubwera mbuzi, banja lililonse ziwiriziwiri, ndipo iwo aziziyeza pasikelo mwezi ndi mwezi monga katswiri. Anthu anadula mitengo n'kumanga makola. Che Wadi, omwe kale ankawayankha moni ndi mphuno, tsopano ankawapatsa mpando.

Mwanamvua yekha ndiye anali ndi kamtima kena.

"Bambo a Nuru, zimene munatumizazo munawerenga zonse?" anafunsa.

"Iwe, Chingerezi si usipa woti uziwerenga umodziumodzi," anamuyankha akuseka.

Lole inafika Lachisanu, anthu akutuluka kumene mumzikiti. Amati tsoka silinunkha, koma la Che Jaffalie linamveka fungo lole isanaime n'komwe. Jeffrey anatsika kutsogolo akumwetulira, n'kulamula kuti achotse lona. Pansi pake panali tiana ta nkhumba tothinana, tikulira ngati tikuphedwa.

"Asitaghafirulla!" anakuwa mayi wina popempha chikhululuko kwa Mulungu, n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

"Bwana, mwasochera," anatero Che Jaffalie. "Ife tinapempha mbuzi."

Jeffrey anatsegula foni yake n'kuwerenga mokweza, akumasulira m'Chichewa kuti aliyense amve. "Apa munalemba kuti anthu a m'mudzi uno akhala akulakalaka nkhumba kwa zaka zambiri, ndipo ana awo azidya nyama yake kawiri pa sabata."

"Sindinalembe ine zimenezo! Ndi makina!"

Che Wadi anatembenukira kwa mlendoyo. "Nanga inu, achimwene, simunadabwe kuona nkhumba zikupemphedwa ndi munthu wotchedwa Jaffalie?"

Jeffrey anakanda m'mutu. "Kunena zoona, kwathunso amasankha ndi makina."

Panalibe amene anaseka. Manyazi anagwira banja lonse, ndipo Che Wadi ananena mawu awiri okha: nkhumba isaponde pansi ngakhale imodzi, ndipo amene anaziitana apite nazo. Che Jaffalie anayesa kugwada, anayesa kulumbira, koma akuluakulu anali atayamba kale kubalalika.

Mwanamvua anatulutsa chikwama chawo n'kuchiika pansi, misozi ikutsika. Dalaivala anati kutsogolo kwadzaza, ngati akufuna kukafika ku boma akwere kumbuyo. Anakwera, n'kuima pakona atakumbatira chikwamacho, tinkhumba tikuwanunkhiza mapazi. Lole itanyamuka anatembenuka kufunafuna nkhope ya mkazi wawo. Mwanamvua anali atalowa kale m'nyumba n'kutseka chitseko.