Ndege ya Amalume Imene Sinauluke

Pakhoma la kuchipinda kwanga pali kathabwa kopotoka, kotalika ngati kuchokera pachigongono mpaka kunsonga kwa zala. Alendo akakaona amayesa mthiko wosemedwa ndi munthu woledzera. Ana anga ali aang'ono anakatengapo kukavundulira thovu la sopo, ndipo ndinawakalipira mpaka anansi anatuluka panja. Ndi pulopela, chija chimazungulira kutsogolo kwa ndege. Vanishi anachoka kalekale, koma ndikaika mphuno ndimamvabe mafuta a nsatsi ndi fumbi la mtedza, ndipo mtima umandipweteka.

Anabwera nayo ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, chaka chimene ndinali mu giredi folo. Tinali titangokolola. Minibasi inawasiya paboma pa Chadiza, ndipo ngolo ya ng'ombe ndiyo inawafikitsa kwathu cha ku Pembamoyo. Ine ndinkayembekeza malume wa ku Lusaka wonenepa, wa shuga ndi buledi m'manja. Amene anatsika pangolopo anali munthu woonda, khosi likusambira m'kolala ya shati, milomo yofiira ngati wapsa ndi tiyi. Katundu wawo anali kachikwama kamodzi ndi chikatoni chachitali chomanga ndi malegeni.

"Zaka zonsezi m'tauni, kubwera ndi katoni!" anatero amayi. Kenako anazungulira kuseri kwa khitchini n'kukhalako nthawi yaitali. Pobwera anati utsi wawalowa m'maso, chonsecho moto unali usanakolezedwe.

Matenda aja sitinkawatchula dzina. Kuchipatala ku Chipata anawapatsa timapilitsi n'kuwauza kuti akapumule kumudzi. Masiku ano ngakhale mwana amadziwa tanthauzo la mawu amenewo, koma ine ndinkaona ngati alidi patchuthi. Ankagona pamphasa atayang'ana kukhoma, tsiku lonse phee. Amayi ankagwada pambali ndi mbale ya phala lotendera, kunyengerera ngati akunyengerera khanda. "Alongo, ngakhale masipuni awiri okha." Mbale inkabwerera momwe yapitira, n'kuthera m'mimba mwanga.

Ine ndinabadwa ndi manja oyabwa. Masana ena ndinamasula malegeni a chikatoni chija kuti ndingosuzumira, ndipo ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Iwe! Uthyola. Kokera kuno." Amalume anali atadzuka, atakhala tsonga, koyamba chibwerereni.

M'katonimo munali timatabwa topepuka ngati phesi, timatayala, kainjini kokwana m'dzanja, chipepala chachikulu chachikasu chojambulapo mizere, ndi kabokosi ka wailesi kokhala ndi mlongoti wautali ndi timitengo tiwiri tokankha ndi zala. Zonse zinkanunkha ngati m'sutikesi yakale. Amalume anandiuza kuti mzungu wina wokalamba, amene ankamukonzera magalimoto, ankaulutsa ndege zotere kumapeto kwa sabata, iwo n'kumamugwirira mchira polizitsa injini. Pobwerera kwawo anawasiyira katoniyi, imene anaigula kale kwambiri koma osaimanga. "Zaka zonse ndakhala ndikugwirira ena," anatero. "Iyi ndiulutsa ndekha."

Tinakamangira m'chigafa, popeza fodya anali atapita kale kumsika. Chitseko chakale cha khitchini tinachigoneka pa njerwa, chinasanduka tebulo. Chipepala chija tinachiyala pamenepo, ndipo kathabwa kalikonse tinkakakhomera pa mzere wake ndi mapini a amayi mpaka guluu atauma. Guluu wa m'katoni anali atauma gwa ngati mwala, choncho wina tinakapempha kwa kalipentala wa paboma. Manja a amalume ankanjenjemera, ndiye manja awo ndinali ine. Iwo ankaloza ndi chibwano, ine n'kumata. Ndikapotoza pang'ono ankati, "Mphwanga, ndege siinamizidwa. Ukainamiza pansi pano, ikakuulula kumwamba."

Aphunzitsi athu ankabwera akaweruka, njinga ili yoyera ndi fumbi, kudzatiwerengera Chingerezi cha pachipepala. Ankakangana ndi amalume za mbali imene phiko likwezedwe, mpaka kuiwala kuti mmodzi wa iwo ndi wodwala. Phikolo linakula mpaka kuposa mphasa m'litali. Lisanavekedwe nsalu linkaoneka nthiti zonse, imodziimodzi, ngati amalume akavula shati kuti asambe. Zimenezo ndinazinena mokweza, kupusa kwanga, ndipo amalume anaseka mpaka kutsokomola.

Chachikulu chinali chakuti anayamba kudya. Amayi anaona msanga, n'kuika lamulo lawo. "Mbale ikapanda kutha, chidole chanucho ndisonkhezera moto." Mbale inkatha. M'mawa amalume ankadzuka okha, kugwira ndodo, kupita kuchigafa mphepo ya Juni ikuwomba.

Pakamwa pa amayi pokha simukanadziwa kuti akukondwa. "Anzanu akusenda mtedza, inu muli pa zoseweretsa," ankatero tsiku ndi tsiku. Koma anali amayi omwewo amene ankawaza phulusa kuzungulira njerwa za tebulo lathu kuti chiswe chisakwere. Pepala lokutira mapiko litapezeka kuti linafumbwa, anatulutsa nsalu yawo yoyera yopyapyala imene ankasungira Khirisimasi, n'kuiponya pakhomo la chigafa. Amalume atanena kuti mafuta a injini amene anabwera nawo m'chitini amafuna kusakaniza ndi a nsatsi, amayi anakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuyengula mafuta odzaza kabotolo. Ankachita zonsezi akudandaula, ine n'kumamva kudandaula kokhako.

Dzuwa la Okutobala litafika poti nyenje zikulira m'mitengo yonse, ndege inatha. Inali yoyera, ya mzere wofiira, yaikulu moti potuluka nayo m'chigafa tinachotsa mzati umodzi. Aphunzitsi anabwera ndi mabatire ochokera paboma. Tinaimangirira mchira ku chitsa ndi chingwe cha mbuzi, ndipo amalume anagwada n'kumenya pulopela ndi kamtengo. Injini inatsokomola, kutsokomolanso, kenako inalira. Mayo ine, phokoso lake! Nkhuku zinabalalika, mbuzi zinadula zingwe, fumbi koboo, ndipo mudzi wonse unathamangira kwathu. Amalume anakankha kamtengo ka pawailesi, mchira wa ndege n'kugwedera wokha popanda woukhudza. Mayi wina anakuwa n'kubisa nkhope m'chitenje.

Sindinawaonepo amalume akuwala nkhope ngati tsiku limenelo. Atazimitsa injini anakhala pansi, akupuma movutika, mafuta a nsatsi ali waliwali m'manja. "Loweruka tikaiulutsa pabwalo la mpira kusukulu," anatero. "Ikangouluka n'kutera, basi, ntchito yanga yatha. Ndikhoza kugona."

Anthu anawomba m'manja, ine ndinavina. Amayi anali ataima chapatali ndi mbale ya phala, ndipo sanawombe nawo.

Madzulo amalume anamasula pulopela, kuikulunga m'kansalu n'kuiika patebulo. Kutacha panalibe. Ndinasesa chigafa chonse, ndinafukula mpaka kudzala. Ndinaloza chala anyamata onse a m'mudzi, ndipo mmodzi amene anandiseka ndinamuluma paphewa. Aphunzitsi anakhuthula matumba a kalasi lonse, osapeza kanthu. Yogula kunalibe, ngakhale ku Chipata. Loweruka linafika n'kupita, ndege ili m'chigafa ngati nkhuku yodula mutu.

Amalume anagona tsiku limodzi atayang'ana kukhoma. Lotsatira anadzuka n'kupempha aphunzitsi kuti awapezere chidutswa cha mlombwa wouma. Anati tisema ina.

Kulowa m'nkhokwe ya mtedza inali ntchito yanga, poti ndinali wamng'ono thupi. Koma sabata imeneyo amayi anayamba kukwera okha, chitenje atachimangira m'chiuno, n'kundiletsa kuyandikirako. Munthu ukamuletsa mtedza ndiye amaufuna. Masana ena atapita kumjigo ndinakwera, ndinapisa dzanja mpaka m'phewa kufuna wouma bwino wapansi, ndipo zala zanga zinagunda chinthu chosalala chokulunga m'kansalu.

Mkwiyo umene ndinali nawo sindinaumvenso chiyambire. Ndinathamangira kuchigafa ndikulira, makoko a mtedza ali m'tsitsi. "Amalume, ndi amayi! Ndi amayi anaba!"

Amalume analandira pulopela ija ndi manja awiri. Anaipukuta ndi shati, anaiyendetsa chala m'mphepete, anayang'ana ndege yawo nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti aitanitse sipanala. M'malo mwake anaikulunganso bwinobwino n'kundipatsa.

"Kabwezere momwe waipeza. Uikwirire ngati sunaikhudze."

"Koma amalume, Loweruka..."

"Ndati kabwezere, mphwanga. Ndipo pakamwa utseke."

Ndinakabwezera, misozi ili chuchuchu. Kuyambira tsikulo tinasema. Amalume ankajambula ndi pensulo, aphunzitsi n'kudula ndi sowo, ine n'kupala ndi phale la botolo mpaka zala kutuluka matuza. Ikatha ankaikoloweka pamsomali kuti aone ngati mbali zikulemera mofanana. Yoyamba inapendekekadi. Yachiwiri inang'aluka. Koma panali ina imene inaima chilili pamsomali, osagwedera, ndinaiona ndi maso angawa. Amalume anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Yalemera mbali imodzi," anatero, n'kuiponya pakona. Aphunzitsi anatsegula pakamwa, anawayang'ana amalume, n'kutsekanso. Ndikalira ankangondiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mwambi umene ndimadana nawo mpaka lero.

Amayi ndinawada chilimwe chimenecho, ndisaname. Akandituma ndinkapita mokoka miyendo, akandiyankhula ndinkayang'ana kumbali. Ndinkati ndi munthu wanjiru, wosafuna kuona mnzake akukondwa. Lero ndine wamkulu kuposa momwe iwo analiri nthawi imeneyo, ndipo ndadwazikapo anthu anga. Amayi sanali opusa ayi. Ankadziwa kuti kathabwa sikangatseke njira ya kumanda. Koma anali atamva mlongo wawo yekhayo, amene anamubereka kumbuyo ali mwana, akutchula tsiku lomaliza ntchito yake pamaso pa mudzi wonse. Mankhwala analibe, ndalama analibe. Anali ndi nkhokwe ya mtedza basi.

Amalume anadya mango a chaka chimenecho. Anamva fungo la mvula yoyamba atakhala pakhomo la chigafa, ndipo inswa zitatuluka anadya zodzaza dzanja, n'kunena kuti mchere wachepa. Kenako miyendo inakana, ndipo tinkawanyamulira chidutswa cha mlombwa pamphasa kuti azingochigwira. Anatisiya chimanga chili m'mawondo, m'mawa wina kukuwaza kamvula, amayi atawagwira mutu.

Ndege ija aphunzitsi anakaipachika kudenga la kalasi lathu. Inakhala pamenepo mpaka nsalu ya amayi inada ndi fumbi, ndipo makoswe ndi chiswe anaimaliza pang'onopang'ono. Sinaulukepo ngakhale kamodzi. Za pulopela amayi sananenepo kanthu moyo wawo wonse, nanenso sindinafunse. Atamwalira ndinaipeza pansi pa sutikesi yawo, m'kansalu komwe kaja, pamodzi ndi yunifolomu yawo ya kutchalitchi. Ndinakhala pansi n'kulira maliro awiri.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri si maliro. Ndi madzulo a tsiku lija ndinapeza pulopela m'nkhokwe. Ndinali nditakhala pakona ya chigafa, maso otupa, pamene amayi analowa ndi mbale ya phala. Anagwada, kuika mbale, n'kuyang'ana mphuno ya ndege yopanda kanthu.

"Chinthu chanu chija simunachipezebe, alongo?"

"Ayi, alongo, chinasowa ndithu. Tikusema china, koma chitenga nthawi."

"Musafulumire," anatero amayi.

"Sindifulumira."

Amalume anatenga sipuni n'kudya phala lonse, mpaka kukombeza mbale ndi chala, amayi akuwayang'ana. Ine ndinali pakona paja ndikukukuta mano, ndikudabwa kuti anthu akuluakulu awiri, opemphera, angathe bwanji kunamizana chotero maso ali gwa, popanda ndi mmodzi yemwe wochita manyazi.