Lobusita ya Noy Dadong

Azakhali anga, Tiya Ising, sankakhulupirira mphatso. Munthu akawabweretsera nthochi, ankayamba azinunkhiza. Wansembe akawapatsa moni mosangalala kwambiri, ankafika kunyumba n'kundifunsa kuti, "Minda, kodi kutchalitchi akufuna kumanganso chiyani?"

Anthu pachilumba pathu ankati ndi chibadwa chawo, koma bambo anga ankakana. Ankati mlongo wawoyo anachoka pamudzi ali mtsikana wansangala, kupita kumzinda wa Cebu kukagwira ntchito yophika kwa anthu olemera. Anakhala kumeneko mpaka imvi zitayamba. Ndi komweko kumene anaphunzira kuphika lobusita, nkhanu zikuluzikulu za ndevu zazitali zimene amuna athu amagwira pansi pa nyanja. Tsiku lina mayi wa pakhomopo anawapatsa diresi la silika, akuti lowathokozera. Pasanapite nthawi, mayi yemweyo anaitana apolisi n'kunena kuti diresilo labedwa, ndipo linapezeka m'sutikesi mwa Tiya. Ankangofuna chowachotsera ntchito. Tiya anabwerera kuno atasiya kuseka ndi anthu.

Ine ndinasamukira kwa iwo mwamuna wanga atapita kukagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Nkhani ya lobusita inachitika ndili pomwepo.

Nthawi imeneyo lobusita zinkasowa m'makhola a m'madzi a Noy Pilo, bambo amene ankaziweta, moti aliyense ankakayikira mnzake. Kwathu kuno, mwaulemu, bambo timamuti Noy, mayi timamuti Nang. M'mawa wina tikusesa, kunatulukira Noy Dadong, bambo wofedwa mkazi amene moyo wake wonse ankamira m'nyanja kusaka lobusita za m'matanthwe. Ananyamula thumba lonyowa, ndipo thumbalo linkagwedezeka.

"Nang Ising, ndakubweretserani ndiwo."

"Ndiwo zanji zovina m'thumba?"

Atamasula, munatuluka lobusita yaitali ngati mkono wa munthu, yobiriwira, miyendo yamizeremizere, ikulira kwe-kwe-kwe ndi ndevu zake. Kwathu kuno lobusita sitidya. Imapita kwa ogula n'kukakwera ndege, ife n'kutsala ndi tinsomba touma pa mpunga.

Tiya anaika tsache pansi. "Dadong, wapenga kapena waba?"

"Sindinapenge, sindinabe. Tangophikani, ndibwera masana."

Atangochoka, Tiya anandikoka dzanja. "Usaikhudze! Taganiza bwino. Lobusita zikusowa kwa Pilo. Ife tikadya iyi, zikamba zake zikapezeka kudzala kwa ndani? Kwathu. Wakuba adzakhala ndani?"

"Koma Tiya, Noy Dadong ndi munthu wofatsa."

"Mayi wa ku Cebu uja ankafatsa kuposa pamenepo. Thamanga ukaitane Sabel."

Nang Sabel, mkazi wa Noy Pilo, anabwera thovu la sopo lili m'manja. Anaigubuduza lobusita ija ndi phazi.

"Yathu si iyi. Zathu n'zaulesi, ndevu zake zothokathyoka chifukwa cha ukonde. Iyi ndi ya m'matanthwe."

"Nena mokweza, amvenso a nyumba iyo," anatero Tiya. "Ndipo usachoke. Udya nafe, ukhale mboni."

Ine ndinkati zathera pomwepo, koma ayi. Tiya anakumbukira kuti asodzi ena amathira mankhwala m'mapanga kuti lobusita ziledzere. Anandituma madzi a m'nyanja m'beseni, n'kuikamo lobusita ija limodzi ndi tinsomba tamoyo timene ndinapempha kudoko. Tinakhala mozungulira beseni, azimayi akuluakulu atatu, kudikira kuti tinsomba tife. Tinsombato tinkangosambira.

"Ndiye kuti akufuna malo angawa, a kokonati kuseriku," anatero Tiya. "Munthu sangataye chinthu chotere chabe. Koma tiiphika. Ikafa yokha inunkha, adzati tamunyoza."

Apa m'pamene ndinaona Tiya wina amene sindinkamudziwa. Anagula ayezi pagolosale n'kuikwirira lobusita ija mpaka inasiya kuphupha. Analowetsa kamtengo kunsi kwa mchira kuti madzi oipa atuluke. Mumphika waukulu anathiramo madzi a m'nyanja pang'ono chabe, n'kuyalamo udzu wonunkhira ndimu ndi jinja wophwanya. Atawira, anaigoneka yathunthu, ndevu atazipinda bwinobwino kuti zisathyoke, n'kutsindira chivundikiro ndi mwala. Manja awo ankayenda mofulumira, ndipo ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo. Nang Sabel anandigunda ndi chigongono, ine n'kuluma mlomo.

Atavundukula, inali itafiira psuu. Anakoka kamwendo kamodzi, ndipo kanazuka mosavuta. "Yapsa." Anaiika pa tsamba la nthochi, pambali pake viniga wa kokonati wothira tsabola.

Noy Dadong anafika atavala shati ya kolala. Tiya anandiyang'ana ngati akuti, waona?

"Yamba ndiwe," anamuuza.

Bambo uja anaizungulira ndi maso, dzanja lili m'mwamba. "Amayambira pati?"

"Usandiseke, Dadong. Wagwira zimenezi kuyambira uli ndi mamina."

"Kugwira, inde. Kulawa, sindinalawepo."

Tiya anapotokola mchira, n'kung'amba chikamba ndi sizasi, n'kumupatsa mnofu woyera. Anamuyang'anitsitsa mpaka anameza. Kenako tonse tinadya, mpaka kuyamwa timiyendo, Nang Sabel akupala za m'mutu ndi supuni n'kusakaniza ndi mpunga.

"Chabwino, wadya," anatero Tiya. "Tsopano nena chimene wabwerera."

Noy Dadong anapukuta pakamwa. Anati adokotala amuletsa kumira, chifukwa m'chifuwa mwawonongeka ndipo khutu limodzi lasiya kumva. Dzulo lake anamira kotsiriza, kungotsanzikana ndi matanthwe, n'kupeza imeneyi.

"Ndinaima nayo pakhomo pa wogula, koma mtima unakana. Ndinati yomalizayi ndidye ndekha, ndidziwe chimene chandithera mpweya zaka zonsezi. Koma kunyumba kwanga kulibe wophika, ndipo pachilumba pano woidziwa ndi inu nokha."

Nang Sabel anapukuta maso ndi nsonga ya siketi. Tiya anangoti, "Hmm."

Alendo atachoka, Tiya anakulunga zikamba zonse n'kundituma nazo kwa Noy Pilo kuti akazione yekha. "Nkhani yake ndi yokoma kwambiri," anandiuza. "Tiona."

Tiya anakhala akuzonda boti la Noy Dadong nyengo yonse ya mvula. Silinalowenso m'madzi. Linakhala chovundikira pamchenga mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake. Za malo a kokonati bamboyo sanazitchule n'kamodzi komwe. Wakuba wa kwa Noy Pilo anadzagwidwa, ndipo anali mlamu wa Noy Pilo yemweyo. Tiya atamva anati, "Ameneyo ndinkamukayikira kale," ndipo zinali zoona, poti panalibe amene sankamukayikira.

Komabe chinalipo chimene Noy Dadong ankafuna, ndipo Tiya anachitulukira okha: ankafuna poti azidyera pali anthu. Anayamba kubwera Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, atanyamula nsomba zogula kapena maungu. Tiya ankamulalatira kuti, "Iwe gonthi, pano si pa lesitilanti!" koma mbale yake inkakhala itaikidwa kale. Lamlungu lina sanabwere. Tiya anapita kukamuona ali ndi mawu okonzeratu, n'kumupeza ali chigonere, akupuma movutika. Anamudwazika okha mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo pamaliro pake sanalole munthu wina kugwira miphika.

Pano Tiya akalamba, maso achita khungu pang'ono. Mwamuna wanga anabwerako kusitima ndipo amawapatsa mankhwala a mtima m'mawa uliwonse. Iwo amagwira kapilitsiko, n'kukapapasa ndi chala, n'kuitana ine kuti ndidzaone ngati kali komweko ka dzulo.