Nsalu Yofiira Ndinaiona

Pali nkhani imene ndaisunga zaka khumi ndi zinayi, ndipo ngakhale mwamuna wanga saidziwa. Anthu a ku Kanakantapa amangodziwa kuti atate anga anataya diso lakumanzere pa ngozi ya kuntchito. Amene anawombera mfuti tsiku limenelo ndine, ndipo si zoona kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala pa famu ina chakufupi ndi Palabana, kumene eni famu anali ndi bwalo lowomberapo timbale tadothi. Loweruka kunkabwera magalimoto ochokera ku Lusaka. Atate ankabisala kuseri kwa lata ndi matumba a mchenga, pafupi ndi makina a sipuling'i oponya timbaleto m'mwamba. Wowombera akanena kuti "pulu", iwo ankamasula makina, kambale kofiirira ngati lalanje n'kuuluka, mfuti n'kulira. Makina akavuta, woponya ankakweza nsalu yofiira pa ndodo asanaimirire. Lamulo linali limodzi: nsalu ikaoneka, aliyense atsitse mfuti.

Atate anaponyera anthu timbale zaka zambiri osaloledwa kupikisana nawo. Ndiye anaganiza zoti mwana wawo adzachite zimene iwo anakanizidwa, ndipo popeza kwathu kunalibe mwana wamwamuna, mfutiyo inagwera ine. Abwana anawabwereka mfuti yakale ndi zipolopolo zotsala. Madzulo ndikaweruka kusukulu, tinkapita kubwalo awiriwiri. Phewa langa linkakhala lakuda ndi zibakera za mfuti, m'makutu mukungolira, tsitsi likununkha onga mpaka m'kalasi.

Kuphonya sankakuda kwambiri. Chimene sankafuna kuona ndi kutsitsa mfuti kambale kali m'mwamba. Ndikangochita mantha n'kutsitsa, ankatuluka kuseri kwa lata modekha, n'kutenga kachitsulo kakatali kotsukira mpope wa mfuti.

"Tambasula zala, Nelia."

Ankamenya pamfundo penipeni, katatu, osakalipa. Akamaliza ankandibwezera mfuti m'manja otupawo.

"Kambale kakatuluka, ngakhale njoka ikukwere pamwendo, umaliza. Wamvera?"

Tsiku lina njuchi inandiluma pakhosi ndikuloza. Ndinatsitsa mfuti, ndipo ndinalandira zitatu zanga ngati masiku onse. Amayi ankandithowa zala ndi madzi ofunda.

Mpikisano unachitika m'nyengo ya mphepo, udzu utauma. Gulu la ana tinalipo ochepa, ndipo wovala nsapato za kusukulu ndinali ndekha. Azimayi ena okhala pamthunzi wa tenti ankandiloza ndi milomo. Tinazungulira malo owomberapo limodzi ndi limodzi, ndipo pofika pa malo omaliza ndinali nditalingana ndi mnyamata wina wa ku Lusaka. Malo omalizawo ndi pamene pankaponya atate.

Apa timbale tinkatuluka tiwiri. Koyamba kankachokera kwa atate n'kukwera m'mwamba. Kachiwiri kankaponyedwa ndi wantchito wina amene anabisala patali chakumanja, ndipo iye sankadikira mawu, ankangomva kulira kwa mfuti yoyamba n'kumasula. Kambale kakeko kankauluka chapansi, n'kudutsa pamwamba pa lata la atate.

Mnyamata uja anaphonya kamodzi. Ine ndinaswa tonse mpaka kufika pa tiwiri tomaliza. Ndinati "pulu", kambale ka atate kanakwera, ndinakaphwanya. Nthawi yomweyo ndinamva sipuling'i ikulira moipa kuseri kwa lata. Nsalu yofiira inatuluka, kenako chipewa cha atate chinayamba kukwera pambuyo pake. Wantchito winayo sankatha kuona nsaluyo pamene anali. Anamva mfuti, anamasula.

Ndalemba kale kuti ndinkadziwa, ndiye ndisazembe. Nsaluyo ndinaiona bwinobwino. Ndinaona ndi chipewa chomwe. Panali kanthawi, kakafupi koma kokwanira, koti nditsitse mfuti. Zala zanga zinakumbukira chitsulo chija. Palinso china chimene chimandivuta kulemba: pansi penipeni pa mtima panali kamawu kakuti, si mwati ndizimaliza? Ndinakoka.

Mfuti ya mtundu umenewu siponya chipolopolo chimodzi, imamwaza tinjere ta mtovu tambirimbiri. Tiwiri tinalowa patsaya la atate, kamodzi m'diso. Sanakuwe. Anangokhala pansi pa matumba aja, manja kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala.

Atate atatuluka m'chipatala, abwana anatiitana tonse pakhonde la nyumba yaikulu. Anafunsa ngati nsalu inakwezedwa. Atate anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

"Sininakweze, bwana. Ninaimirira chabe. Mwana alibe mlandu."

Anthu amene anali m'tenti sanatsutse, kaya sanaone kaya sanafune kulowerera. Atate anachotsedwa ntchito chifukwa chophwanya lamulo, nyumba ya pafamu tinaisiya, ndipo tinasamukira ku Kanakantapa pa kamunda ka amalume.

Kuyambira pamenepo sanandimenyenso. Anandipatsa ntchito ina. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkawiritsa madzi, kuthira mchere pang'ono, n'kutsuka bala lija ndi thonje. Amayi akafuna kuthandiza ankawabweza ndi dzanja. Ndinkagwada pakati pa mawondo awo, nkhope zathu zitayandikana, diso lotsalalo lili pa ine. Ndipo tsiku lililonse, ndikamapukuta mafinya, ankafunsa ndi mawu otsika:

"Unaiona nsalu?"

"Sininaione, atate."

"Chabwino. Pukuta apa."

Bala linapola m'miyezi ingapo, koma kutsukako kunapitirira mpaka ndinamaliza giredi naini. Ndinafika polakalaka chitsulo chija, chifukwa icho chinkatha pa zitatu.

Lero ndili ndi satifiketi yophunzitsa ana a mkaka, ndili pabanja, ndipo ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka zinayi, Yamikani. Ndine mayi wamantha. Mwana akagwetsa kapu ndimadzidzimuka kuposa iyeyo, ndipo kawiri konse ndadzipeza nditagwira mthiko ndikumuuza kuti atambasule zala. Sindinamumenye, koma mawuwo anatuluka okha, ndi kamvekedwe ka atate.

Mwezi wathawu tinapita kukawaona. Akalamba, shuga wawafooketsa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikutong'ola chimanga, Yamikani akugenda zitini ndi miyala. Ndinaganiza kuti munthuyu angapite ndisanamuuze. Ndinayamba kulira ndisanayambe n'kulankhula komwe.

"Atate, nsalu ija ninaiona."

Sanasiye kutong'ola.

"Ninali kudziwa, amake Yami. Ninakuona uyangana kwa ine."

"Nanga n'chifukwa chani munali kunifunsa masiku onse?"

"Ninali kufuna kuona ngati uzatsitsa na kuvomera." Anataya chitsononkho. "Koma pali chimodzi chamene kulibe ananiuza. Kambale kachiwiri kaja, unakaswa?"

Ndinawauza zoona. Ndinakaswa.

Anamwetulira, kumwetulira kumene sindinakuonepo ubwana wanga wonse. Kenako anatembenuza mutu wonse, monga amachitira anthu a diso limodzi, n'kuyang'ana Yamikani amene anali atangogwetsa chitini.

"Uyu ali na dzanja. Akafika zaka seveni uzanisiyira pa holide."

Ndinanyamula mwana wanga tsiku lomwelo, osadikira chakudya. Pa minibasi ankandifunsa chifukwa chake tikubwerera msanga, ine n'kumanama kuti mutu ukundipweteka.

Ndamvetsa tsopano kuti mwana amaphunzira ndendende chimene ukumuphunzitsa, ndipo tsiku lina amachichita pamalo pamene sunafune. Koma kumvetsako sikunandipatse mtendere. Munthu ameneyu anataya ntchito ndi nyumba kuti ine ndisatchulidwe. Ndi munthu yemweyo amene ananditsukitsa bala zaka zitatu. Amayi amaimba foni Lamlungu lililonse kuti agogo akufunsa mdzukulu wawo, ndipo masiku awo mwina si ambiri. Ine mankhwala ndimatumiza, koma mwana ndanena kuti sapondako.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga, ndiuzeni: ndachita bwino kumumana mwanayu agogo ake, kapena ndangopeza njira yanga yowalangira?